Kodi lipenga amalilumikiza pati ku magetsi?

Pali funso limene ndikafunsa, anthu odziwa nyimbo amayamba aseka, koma akatha kusekako sandiyankha. Amati Hugh Masekela, woliza lipenga wa ku South Africa uja, anayamba ndi nyimbo zopanda magetsi, kenaka n'kulowa m'nyimbo zamagetsi. Ine ndimangoti: chabwino, nanga lipengalo amalilumikiza pati? Ndinaliyang'anapo pafupi. Ndi chitoliro chamkuwa chopindapinda, choti mutachiwongola chingatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka. Chili ndi poika milomo, mabatani atatu odina ndi zala, ndi kukamwa kotambasuka kotulukira mawu. Pobaya nthambo sindinapaone. Woliza amamanga milomo, n'kuinjenjemeretsa ndi mpweya, basi.

Kuno ku Milange kuli anthu awiri amene sagwirizana za Masekela, ndipo aliyense amandidandaulira ine ngati ndine nyakwawa, chonsecho ndine wongomvera. Woyamba ndi malume anga, amene anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni. Masiku amenewo a Wenela sankaloledwa kulemba anthu a kumtunda kuno kwa Mozambique, ndiye iwo anangowoloka malire pa Muloza n'kukalembetsa ngati munthu wa ku Mulanje. Chilankhulo n'chimodzi, maina ndi omwewo, akanawatsutsa ndani? Anabwerako ndi jekete, chifuwa chosatha, ndi mulu wa mbale za galamafoni. Iwo amati jazz weniweni ndi wa lipenga, piyano, ng'oma ndi besi yaikulu yoimika pansi ija, ndipo tsiku limene Masekela analola magitala amagetsi kumuzungulira ndi tsiku limene anagulitsa luso lake. Wachiwiri ndi mnyamata wobena nyimbo pamsika, amene amadzaza mafoni a anthu a mbali zonse ziwiri za malire, ndipo amalandira metikali kapena kwacha osasankha. Iye amati mbale za malume n'zogonetsa tulo. Masekela amene amamudziwa ndi wa "Don't Go Lose It Baby", nyimbo yovina ya mu 1984.

Pa chiyambi cha nkhaniyi onse amavomerezana. Masekela anabadwa pa 4 April 1939 ku Witbank, tauni ya migodi ya malasha. Ali ndi zaka 14 anaonera kanema wa ku America, Young Man with a Horn, momwe Kirk Douglas ankasewera ngati woliza lipenga, ndipo mtima wake unakakamira pomwepo. Bambo Trevor Huddleston, wansembe wa Anglican amene ankalimbana ndi tsankho, anamupezera lipenga pa sukulu ya St Peter's ku Johannesburg. Kenaka Louis Armstrong mwini wake anatumiza lina kuchokera ku America. Pofika mu 1959 mnyamatayo anali m'gulu la Jazz Epistles pamodzi ndi Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, amene anadzatchedwa Abdullah Ibrahim. Chimbale chawo cha mu 1960 ndicho malume amatchula akafuna kunditseka pakamwa.

Ndinachimvera, ndipo n'chokoma, sindikana. Koma nyimbo zimenezi kwawo n'kuti? Kanema anali wa ku America, lipenga lina linachokera ku America, kalizidwe nakonso n'ka bebop, ka Dizzy Gillespie ndi Clifford Brown, kophunzira pomvera mbale za ku New York. Ndiye ndinafunsa kuti, "Malume, mukamati anasiya zake n'kutola za eni, zakezo ndi ziti? Izi za 1960?" Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, "Iwe, nyimbo sayeza ndi pasipoti." Ndinavomera. Koma ngati sayeza ndi pasipoti, amayezeranji ndi nthambo?

Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 March 1960, Masekela anatuluka m'dzikomo, n'kudutsira ku London, n'kukafika ku Manhattan School of Music ku New York. Kumeneko anakumana ndi anthu amene ankawamva pa mbale aja, ali amoyo, akuliza m'makalabu usiku uliwonse. Mwini wake ankakonda kusimba kuti akuluakulu amenewa, makamaka Miles Davis, anamulangiza kuti asalimbane n'kuwatsanzira, poti otsanzira analipo kale ambirimbiri, koma aziliza zakwawo zimene iwo sakuzidziwa. Apa mpamene mutu wanga umaima. Eni ake a jazz wopanda magetsi ndiwo anamukankha kuti abwerere ku nyimbo zakwawo. Tsono zakwawozo zinkamveka bwanji pa nthawi imeneyo?

Zinkamveka zamagetsi. Cha m'ma 1964, ku situdiyo za Gallo ku Johannesburg kunabadwa gulu la Makgona Tsohle Band, loimbira Mahlathini ndi Mahotella Queens. Marks Mankwane ankaliza gitala lamagetsi, Joseph Makwela besi yamagetsi, West Nkosi sakisofoni. Ndiyo mbaqanga imene inkalira m'malokeshoni ndi m'makomboni a pamigodi, imene kwathu kuno tinaitcha simanjemanje. Ngakhale Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene magetsi analibe, ankaitengera pa gitala wamba, chitoliro ndi besi ya chingwe chimodzi. Ndinafunsanso: "Malume, Mahotella Queens munkavina?" Nkhope inawala. "Kuvina kwake! Nsapato zinkatha." "Nanga gitala la Mankwane linali lopanda magetsi?" Anakhala chete pang'ono, nati, "Zimenezo n'zina." N'zina bwanji, sanandiuze. Ine m'kusadziwa kwangaku ndimaona ngati kwa Masekela magetsi sanali njira yothawira kwawo. Anali njira yobwererako, chifukwa kwawoko anthu wamba anali atayamba kale kuvina zamagetsi iye akuphunzira manotsi ku New York.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa anthu, imene mwana aliyense angaimvetse. Jazz wa malume ankalizidwa m'kachipinda ka anthu zana limodzi kapena awiri, atakhala pansi, matambula ali patebulo. Mu June 1967 Masekela anaitanidwa ku Monterey Pop Festival ku California, pabwalo la anthu zikwizikwi, pa chikondwerero chimene munalinso Jimi Hendrix, The Who ndi Otis Redding. Chaka chomwecho lipenga lake linamveka m'nyimbo ya gulu la rock la The Byrds. Kodi besi yoimika pansi ija ingamveke mpaka kumzere wakumbuyo pabwalo loterolo, woimba ng'oma akumenya ndi mphamvu zake zonse? Singamveke. Ndiye woliza besi achite chiyani, azingogwedeza zala anthu n'kumaganizira okha? Mu 1968 "Grazing in the Grass" inafika pa nambala wani ku America, nyimbo yopanda mawu, yotsogozedwa ndi lipenga ndi belu la ng'ombe. Odziwa jazz ena anakwinya nkhope kuti wapepuka. Ine ndimadabwa: munthu wothawa kwawo, wopanda dziko, akapeza anthu mamiliyoni omumvera, alakwa chiyani? Wakabaza akasiya njinga yakapalasa n'kugula yamoto, timati wasiya ukabaza? Msewu ndi womwewo wa ku Muloza, matumba a chimanga ndi omwewo, kungoti tsopano amafika msanga ndipo phokoso lachuluka.

Komatu funso langa loyamba lija lili ndi yankho kwa munthu mmodzi, ndipo ndi yemwe uja anapereka malangizo. Miles Davis, amene mu 1959 anajambula Kind of Blue ndi zida zopanda magetsi zokhazokha, anayamba kulowetsa piyano yamagetsi m'gulu lake cha m'ma 1968. Piyano imeneyi, Fender Rhodes, ilibe nsambo zazitali ngati inzake ija. Tinyundo take timamenya timitengo tachitsulo, ndipo maginito amatola kunjenjemerako n'kukutumiza ku sipika. Mu 1969 kunabwera In a Silent Way, mu 1970 Bitches Brew, momwe muli mapiyano amagetsi angapo nthawi imodzi, gitala la John McLaughlin, mabesi awiri ndi oimba ng'oma oposa mmodzi. Wojambula wake, Teo Macero, ankadula matepi ndi kuwalumikiza, mwakuti zina zimene timamva pa mbalezo sizinalizidwe motero m'situdiyo. Kenaka Miles anachitadi chimene ine ndinkayesa chosatheka: anamangirira kachipangizo kotola mawu pafupi ndi poika milomo, nthambo n'kutsikira pansi pa chopondera cha wah-wah chimene oliza magitala amagwiritsa ntchito, lipenga n'kuyamba kulira ngati gitala. Mu August 1970 anaima pamaso pa anthu zikwi mazanamazana ku Isle of Wight. Otsutsa monga Stanley Crouch anadzamunena kuti wadzigulitsa, mawu omwewo a malume.

Koma taonani. Ngakhale pamenepo, nthambo ija inkangonyamula mawu amene milomo yapanga kale. Mutazimitsa magetsi, lipenga la Miles likanalirabe, kungoti anthu akumbuyo sakanamva. Mutazimitsa Miles, nthamboyo ikanangoti zii. Ndiye "lipenga lamagetsi" ndi chiyani kwenikweni? Ine ndimaona ngati chimene chinasintha si lipenga ayi, koma anzake oyenda nalo, ndi anthu amene likuwalankhula. Miles ankafuna achinyamata akuda amene ankavina James Brown ndi Sly Stone, ndipo On the Corner ya mu 1972 anaipangira iwowo. Masekela ankafuna kwawo, koma kwawo kunali kotseka.

Poti kunali kotseka, anazungulira. Mu 1973 anali ku Lagos kwa Fela Kuti, ndipo kudzera mwa iye anakumana ndi gulu la ku Ghana la Hedzoleh Soundz, la ng'oma zamakolo zambiri, gitala ndi besi zamagetsi. Anajambula nalo chimbale, n'kupita nalo ku America. Mu 1974 anatulutsa I Am Not Afraid, momwe anyamata a ku Ghana aja anasakanikirana ndi Joe Sample ndi Stix Hooper a gulu la The Crusaders. Chaka chomwecho iye ndi mnzake Stewart Levine anakonza chikondwerero cha nyimbo ku Kinshasa, nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman isanachitike. Ndikamvera nyimbo za zaka zimenezi, chimene chimandigunda poyamba si magetsi koma ng'oma. Zikuoneka kuti magetsi atalowa, ng'oma zachikopa nazo zinapeza mpata wolowa. M'gulu la 1960 lija munalibe ng'oma yachikopa yomenya ndi manja ngakhale imodzi. Ndiye gulu lachiafrika kwambiri ndi liti pamenepa?

Pa chimbale cha 1974 chimenechi mpamene pali "Stimela", ndipo pa nyimbo iyi yokha malume amaiwala malamulo awo. Imanena za sitima yamalasha yonyamula amuna kupita nawo kumigodi ya golide ya ku Johannesburg, yochokera ku Delagoa Bay, kumene lero timati Maputo. Pa chimbale cha Hope, chimene chinajambulidwa pamaso pa anthu ku Washington mu 1993, Masekela amayamba ndi kulankhula, kutchula maiko amene sitimayo imatolako anthu, ndipo Malawi ndi Mozambique ali momwemo. Amanena za makomboni auve, chakudya chothiridwa m'mbale zachitsulo, ndi akazi ndi ana osiyidwa kumudzi. Malume akaimva salankhula. Chaka chimene nyimboyi inatuluka ndi chomwenso ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu April, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu opita kumigodi. Ena mwa amene ankakwera ndege zimenezo ngati Amalawi anali a kuno kwathu, ngati malume.

M'nyimbo imeneyi muli besi yamagetsi, muli kiyibodi, muli zonse zimene malume amadana nazo. Ndinadikira nyimbo ithe, n'kufunsa motsitsa mawu: "Malume, iyi ndi yogulitsa luso kapena ndi yeniyeni?" Anati, "Iyi si nyimbo, ndi umboni." Sindinapitirize. Koma chimene ndinaona n'chakuti kulira kwa sitima kuja, kumene kumaimitsa tsitsi, sikuchokera m'makina alionse. Masekela amakutulutsa ndi kukhosi kwake, kukuwa ngati wenzulo ya sitima, belu la ng'ombe likugunda ngati mawilo panjanji. Anali ndi makina onse pambali pake, koma pamalo ofunika kwambiri anagwiritsa ntchito kholingo. Kodi izi zikuthandiza malume kapena mnyamata wa pamsika? Ine ndimaona ngati zikuwasokoneza onse awiri.

Pano ndipatukeko pang'ono, poti nkhani ya magetsi kuno si yongokambira nyimbo. Damu la Cahora Bassa pa Zambezi linatsekedwa mu 1974 momwemo, ndipo nthambo zake zazikulu zinalunjika kumwera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, kukathera pafupi ndi Johannesburg. Amuna anapita ku Joni, magetsi a mtsinje wathu anapita ku Joni, ndipo kuchokera ku Joni kunabwera mbale za nyimbo zamagetsi, zodzamvera ife pa wayilesi ya mabatire, nyali ili ya koloboyi. Mwina n'chifukwa chake kwa malume magetsi amanunkha mgodi. Kumgodi ndi kumene anayamba kuwaona akuyaka usana ndi usiku, akukoka chikepe chotsikira pansi pa nthaka. Izi sananene okha, ndangoganiza ine. Koma ndimafunsabe: munthu angadane ndi nyimbo chifukwa cha kumene nthambo inalowera?

Mu December 1980 Masekela ndi Miriam Makeba anaimba ku Lesotho, anthu ochuluka n'kuwoloka malire kuchokera ku South Africa kudzawaona. Kenaka anakhazikika ku Gaborone, kufupi kwambiri ndi malire a dziko limene sankaloledwa kulowamo. Kampani ya Jive Records inatumiza situdiyo yoyendayenda, ndipo oimba a mbaqanga ankatha kubwera kudzajambula naye. M'menemo ndi mmene munatuluka Techno-Bush mu 1984, chimbale cha mnyamata wa pamsika uja, chodzaza ndi makiyibodi ndi makina omenya ng'oma. "Don't Go Lose It Baby" inavinidwa m'makalabu a ku New York ndi London. Ndiye onani kudabwitsa kwake: chimbale chake chamakina kwambiri ndicho anajambulira pafupi ndi kwawo ali wothawa, pamene chija chopanda magetsi cha 1960 chinkayang'ana kutsidya la nyanja.

Malume amati zaka zimenezo sizinali zovina. Apa ndimawamvetsa. Mu 1984 boma lathu linasaina pangano la Nkomati ndi South Africa, koma nkhondo yapachiweniweni siinathe. Pa 14 June 1985 asilikali a boma latsankho analowa mu Gaborone usiku n'kupha anthu 12, mmodzi mwa iwo wojambula zithunzi Thami Mnyele, ndipo Masekela anachokamo m'dzikomo n'kupita ku London. Mu 1986 tauni yathu ino inagwa m'manja mwa Renamo, anthu n'kuthawira ku Mulanje ndi zimene akanatha kusenza pamutu, minda ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine n'kusanduka tchire. Nsanamira za nthambo za Cahora Bassa nazo zinkagwetsedwa. Dzanja limene linawombera ku Gaborone ndi lomwe linkadyetsa nkhondo yathu. Koma kodi anthu amasiya kuvina nkhondo ikavuta? Akuluakulu amene anakhala m'misasa ya othawa nkhondo amasimba za magule ndi maukwati kumeneko. Ndipo "Bring Him Back Home" ya mu 1987, yopempha kuti Nelson Mandela atulutsidwe m'ndende, ndi nyimbo yovina, ya besi yamagetsi yodumphadumpha. Anaiimba pa Rufaro Stadium ku Harare chaka chomwecho, pa ulendo wa Graceland wa Paul Simon. Ikanakhala ya piyano ndi besi yoimika pansi, yomvera anthu atagwira chibwano, ikanayenda mtunda umene inayendawo? Miles naye mu 1986 anatcha chimbale chake Tutu, polemekeza Desmond Tutu, ndipo zida zambiri m'menemo analiza munthu mmodzi, Marcus Miller, ndi makina ake, lipenga n'kudzaikidwa pamwamba.

Musayese ndili mbali ya mnyamata wa pamsika. Nayenso ndili naye ndi mafunso, ndipo sawakonda. Ndinamupempha kuti andiikire Techno-Bush pa sipika yake yaikulu, n'kumufunsa kuti, "Achimwene, n'chifukwa chiyani ng'oma zamakinazi zikumveka zachikale kuposa lipengalo?" Anati si zoona. Koma n'zoona. Aliyense womva makina aja amadziwa pompo kuti ndi zaka za m'ma 1980, monga timadziwira chithunzi chakale poona tsitsi ndi makolala. Lipenga lokha ndilo silinena zaka zake. Limamveka chimodzimodzi mu 1968, mu 1984 ndi mu 2010 pamene analiza pa Orlando Stadium potsegulira World Cup: mawu onenepa, osasa pang'ono, okonda kubwereza kachidutswa kamodzi mpaka kakulowe m'mafupa. Nthawi zambiri sankaliza n'komwe lipenga wamba koma mbale wake wotchedwa flugelhorn, wa chitoliro chotakata, wa mawu ofewa. Ndiye chatsopano chimakalamba msanga kuposa chakale? Zimatheka bwanji?

Funso lina ndinamufunsa ndi ili. Pa maukwati ndi m'makwaya a kuno, ndimamva malipenga akulira bwino lomwe, koma ndikasuzumira sindiona lipenga. Ndimaona mnyamata mmodzi ndi kiyibodi, jenereta ikulira kuseri kwa tenti. Akadina batani, malipenga anayi; akadina lina, ng'oma; lina, besi. Anthu asanu ndi mmodzi alowa m'bokosi limodzi. Mwini ukwati amakondwa chifukwa amalipira mmodzi. Kodi uku ndi kumene ulendo wa Miles ndi Masekela unkalowera? Iwo anaitana magetsi kuti lipenga limveke patali. Ife tinaitana magetsi, lipenga n'kutsala panja. Mnyamatayo anati anthu sasiyanitsa. Mwina. Koma lipenga la m'kiyibodi silipuma, silitopa, silisasa mawu, ndipo ine ndikalimvera nthawi yaitali ndimayamba kulimvera chisoni kuti silikupeza popumira.

Malume akamva zimenezi amasangalala, kuyesa ndabwerera kwa iwo. Ndiye ndimawafunsa lomaliza lawo. Kuyambira mu 1925 mbale za nyimbo zimajambulidwa ndi maikolofoni, ndipo maikolofoni ndi magetsi. Kind of Blue inadutsa m'nthambo. Chimbale cha Jazz Epistles chinadutsa m'nthambo. Alan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja, ndi Chimvu Jazz Band yake, ankaliza banjo ndi ng'oma zopanga okha, akuimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, zilankhulo zathu zomwezi. Koma ambiri a ife tinamumva pa wayilesi ya MBC imene mawu ake sankaima pa Muloza kudindidwa chidindo. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu anayenda ndi gitala lake wamba zaka zambirimbiri, koma dziko lonse linamudziwa mu ukalamba wake Patience Namadingo atakhala naye pansi n'kujambula, mafoni n'kumufalitsa. Ndiye nyimbo yopanda magetsi imene malume amaiteteza, anaimva liti yopanda magetsi? Kupatula ng'oma za kudambwe, nyimbo za pamtondo ndi za pamaliro, zonse zimene timakangana nazozi zinatipeza kudzera m'waya. Iwo amati pali kusiyana pakati pa magetsi onyamula mawu ndi magetsi opanga mawu. Yankho limeneli ndi labwino, ndipo ndi lokhalo limene anandipatsa lomveka. Koma gitala la Mankwane lili mbali iti? Chala chimakoka nsambo, nsambo imanjenjemera, maginito amatola. Akunyamula kapena akupanga?

Chimene chimasokoneza nkhani yonse ya "anayamba uku n'kupita uko" ndi ukalamba wa Masekela. Atabwerera kwawo mu 1990, patatha zaka 30, sanasankhe mbali. Kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 anapereka chimbale chake cha Phola m'manja mwa Erik Paliani, Mmalawi woliza gitala, kuti ndiye achikonze. Mwana wa dziko limodzi mwa aja otchulidwa mu "Stimela" anapita ku Joni, osati kukatsika mumgodi, koma kukakhala pa makina a situdiyo n'kumauza mkulu wa zaka pafupifupi 70 kuti apa bwerezani. Mu 2012 Masekela yemweyo anatulutsa Friends ndi Larry Willis, mnzake wa kusukulu ku New York, nyimbo zakale za jazz, ndipo awiriwo ankayenda okha, piyano ndi lipenga basi. Mwezi uno ali ndi Willis m'kachipinda ka anthu okhala pansi, mwezi wamawa ali ndi gulu lonse lamagetsi pabwalo. Mu 2016, pa No Borders, anaimba ndi Oliver Mtukudzi. Anamwalira pa 23 January 2018, ndipo Mtukudzi anamutsatira pa deti lomwelo chaka chotsatira. Ngati unali ulendo wochoka kwina kupita kwina, n'chifukwa chiyani ankapezeka konsekonse mpaka kumapeto? Mwina amene anasamuka ndi omvera, aliyense n'kumanga nyumba pa chaka chimene anali mnyamata: malume pa 1960, wa pamsika pa 1984 imene anaitola kwa bambo ake.

Chimene sindinapeze wondiyankha n'china. Masekela anaona kanema, n'kulakalaka lipenga, ndipo panapezeka wansembe womugulira ndi munthu womuphunzitsa pogwira. Lero kanema wa Masekela akuliza "Stimela" ali m'foni ya mnyamata wa pamsika, ndipo ana amaunjikana kumuonera pamene akudikira kuti mafoni a makolo awo adzaze moto. Ndinaonapo mmodzi atakunga chibakera pakamwa, akuyesa kunjenjemeretsa milomo. Kiyibodi bambo ake angakamugulire ku Limbe kapena ku Mocuba ndalama za chimanga zikalowa, ndipo womuphunzitsa ali m'tchalitchi chilichonse. Nanga akati akufuna lipenga lenilenilo, lamkuwa, la mabatani atatu, kuno ku Milange apite kwa yani?